Zala Zakuda za Apongozi Anga

Nditapita ku chitengwa kufupi ndi Santhe, amene anandiphunzitsa kusoka fodya anali apongozi anga aakazi. Mayi aja anali ndi pakamwa, koma ndimawasowa mpaka lero. Tinkakhala m'chigafa titatambalala, wailesi ikulira, iwo akundiseka kuti ndimasoka ngati ndikuopa kuti tsamba lindiluma. Nyengo imeneyo manja a aliyense ankakhala bii ndi utomoni wa fodya. Sopo sauchotsa, ndipo panalibe wochita nazo manyazi. Ngakhale kutchalitchi tinkapatsana moni ndi manja omwewo.

Tsiku lina anakwera okha kukapachika fodya pamwamba, ati ife ana timapachika mothithikana. Mtengo umene anapondapo unali wodyedwa ndi chiswe. Tinangomva kuti khuu! Mkono wamanja unathyoka pamwamba pa chigongono.

Amuna anga anafuna kukaitana wanjinga yamoto, koma apongoziwo anakana.

"Fodya wakhwima m'munda, inu muzikandigonera kuchipatala? Mangani nsungwi apa, fupa limagwirana lokha."

Tinamanga. Kenako anati dzanja lachita dzanzi, ululu wachepako, ndipo tonse tinakondwa. Linali lozizira, ife nkumati bola silikutentha. Zala zinali zakuda, inde, koma nanga zathu zinali zotani?

Loweruka ndinawatenthetsera madzi kuti ndiwatsuke dzanjalo. Ndinapaka palafini, ndinakhula pang'onopang'ono. Utomoni unachoka, kuda osachoka. Mpaka kunsi kwa zikhadabo kunali kutada. Mayo ine, tinathamangira nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Kuchipatala adokotala anagwira pamkono kufunafuna kugunda kwa magazi, osakupeza. Anatiuza kuti fupa lothyokalo linang'amba mtsempha waukulu wopititsa magazi kudzanja, ndiye dzanjalo linkafa ife tikuliyang'ana. Mkonowo anaudula.

Ndinalira kuposa ana awo obereka. Atatuluka m'chipatala, m'mawa wina anandiitanira kuchipinda kwawo, kumene mtengwa salowa. Ndinawapeza ataima, dzanja lotsalalo litagwira nsonga ya chitenje, mbali ina ikukwekwereka pansi. Sanandiyang'ane kumaso.

"Tandimangako, mwana wanga."

Aka kanali koyamba kunditchula choncho. Ndinkawamanga chitenje m'mawa uliwonse mpaka chaka chimene anatisiya, ndipo palibe tsiku limene ananena kuti ndamanga bwino.

"Mangitsa iwe! Ukufuna chikandivukire pamsika?"