Azamba Athu ndi Mipando Yopanda Anthu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mwezi uno tikukumbukira mayi amene ambirife tinkangowatchula kuti Azamba, aja ankakonda benchi lakumbuyo pafupi ndi khomo, kuti akaitanidwa kuchipatala atuluke osasokoneza Misa.

Anali woyamba kubadwa m'banja la mmisiri wa matabwa. Mayi awo anali odwaladwala, moti mtsikanayo anadziwa kusambitsa wodwala ndi kumutembenuza pakama asanadziwe bwino kuwerenga. Kupemphera anaphunzira kwa bambo awo, amene ankanong'oneza korona uku akupala matabwa. Atamaliza sukulu analowa unamwino, kenako uzamba, nakwatiwa ndi mphunzitsi wofatsa uja amene mpaka lero amaimba besi m'kwaya yathu. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu.

Ntchito ankaikonda. Asanavale magolovesi ankachita kaye chizindikiro cha mtanda, ndipo amayi ambiri m'parishi muno anachirira m'manja mwawo. Koma mtanda wawo weniweni sunali m'chipinda chochirira ayi. Unali bungwe la azamba.

Udindo wa wapampando sanaufune. Tsiku la chisankho anatuluka panja kukayankha foni, ndipo pobwerera anapeza anzawo akuwaombera m'manja. Anakana, koma atapemphera anaona kuti mwina ndi Ambuye amene awakankhira pamenepo. Bungwelo linali loti azamba aziphunzitsana luso latsopano, komanso kuti mmodzi akagwa m'mavuto anzake aime naye. Iwo anakhulupirira zimenezi ndi mtima wonse.

Loweruka la msonkhano ankalawirira kukalasi yobwereka kusukulu ya anamwino. Ankasesa, kupukuta bolodi, kundandalika mipando, ndi kugoneka patebulo chidole chophunzitsira mmene angathandizire khanda limene labadwa osapuma. Akatero ankakhala pansi kuyang'ana kukhomo. Obwera anali omwewo nthawi zonse, osadzaza ngakhale mzere woyamba. Enawo ankatumiza zifukwa. Wina ali kuukwati, wina alendo amufikira, mvula ikagwa akuti mvula, kukacha bwino akuti kuchapa. Wina anachita kuimba foni kufunsa ngati kukhale chakudya. Amuna awo a Azamba, amene ankabwera kudzathandiza kusanjikiza mipando, tsiku lina anati mipandoyo yamva maphunziro ambiri moti ikuyenera kupatsidwa masatifiketi. Azamba sanaseke.

Tisabise, mtima wawo unali wapachala pa nkhani imeneyi. Ankafika kunyumba nkhope ili gwaa, ana n'kumayenda monyang'ama. Polapa anauza Bambo Mfumu kuti odwala sawakwiyitsa, owakwiyitsa ndi anzawo ophunzira bwino amene amavomera ndi pakamwa pokha. Bambo anawalangiza kuti aziwapempherera mmodzimmodzi, kutchula dzina. Anachitadi zimenezo popita kuntchito. Ankati akamafika pageti la chipatala mkwiyo umakhala utazizira, koma Loweruka umadzukanso.

Chiyeso chachikulu chinabwera pamene mayi wina wochira anamwalira m'manja mwa mzamba wachitsikana chifukwa chotaya magazi. Tsiku limenelo mtsikanayo anali yekha m'wodi, amayi ena akubuula mbali iyi ndi iyo. Anaitanidwa kukayankha mlandu pamaso pa akuluakulu opereka ziphaso za ntchito. Azamba anayenda chipatala ndi chipatala kupempha mamembala kuti apite onse, akakhale kumbuyo kwa mnzawoyo ndi kufotokoza mmene amagwirira ntchito okhaokha. Aliyense analonjeza. Ena anachita kugwira pamtima.

Pa tsikulo, pabenchi la m'khonde panali Azamba, mtsikanayo ndi mayi ake okalamba. Nsapato zikamveka pamasitepe, onse atatu ankacheuka.

"Mayi, anzathu aja ali kuti?" anafunsa mtsikanayo.

Azamba anafuna kunena kuti ali m'njira, koma bodza silinatuluke. "Sabwera, mwana wanga. Tiye tilowe."

Analankhula okha mpaka mawu kusasa, koma mboni imodzi sinakwane. Mtsikanayo analandidwa chiphaso.

Madzulo ake Azamba anauza amuna awo kuti bungwe alisiya, aliyense adzionere yekha. Anapita kutchalitchi nagwada patsogolo pa guwa, osati kupemphera kwenikweni koma kudandaula. Anafunsa Ambuye chifukwa chimene anawapatsira anthu ouma mitu chotere. Yankho sanalimve. Lolemba anakumana ndi mnzawo amene analonjeza mofuula kuposa onse, ndipo mnzawoyo anayang'ana pansi. Azamba anafuna kumulasa ndi mawu owawa. Anawameza, nafunsa za ana kunyumba, namuitananso kumsonkhano wotsatira.

Kuyambira pamenepo anasiya kungodikira. Chidole chija ankachiika m'chikwama n'kumayenda nacho m'mawodi, kuphunzitsa awiri kapena atatu pa nthawi yosinthana ntchito, ena akuyasamula, ena akuyang'ana wotchi. Mlandu wa mtsikana uja anaulondola zaka zambiri mpaka chiphaso chinabwezedwa. Atapita nacho mosangalala, mwini wake anathokoza mwaulemu koma anati sangabwererenso m'wodi, mantha amamugwira akangomva fungo la mankhwala. Azamba analira m'basi njira yonse.

Atakalamba anapempha pa chisankho chilichonse kuti wina atenge mpando. Onse ankayang'ana zikhadabo zawo, kenako wina n'kuti, "Mulipo inu, mayi." Iwo ankayankha kuti bungwe la munthu mmodzi si bungwe, ndi ukapolo. Anzawowo ankaseka, n'kuwasankhanso.

Chaka chatha anadwala matenda ofa ziwalo mbali imodzi. Anapirira osadandaula, ndipo Ukaristia ankalandirira pakama. Wachiwiri wawo m'bungwe, mayi wamanyazi amene sankaphonya msonkhano koma sankalankhulanso, ankabwera kudzawasisita mkono wakufawo. Tsiku lina mayiyo anaulula kuti akuopa kutsogolera bungwe, chifukwa iye alibe mphamvu zokokera anthu.

"Nanenso ndinalibe," anatero Azamba, lilime likulemera. "Usadikire kuti chipinda chidzaze. Akabwera awiri, yamba."

Anamwalira Lamlungu masana atadzozedwa mafuta a odwala, amuna awo akuwaimbira chapansipansi, ana atazungulira kama. Anangotseka maso ngati munthu woweruka kuntchito.

Pa Misa ya maliro munaona nokha. Tchalitchi chinayera mbee ndi mayunifolomu, ena anaima panja. Mwana wawo wamkazi anatinong'oneza kuti mayi ake akanadzuka akanafunsa kumene anthu onsewa ankabisala. Kumanda azamba anzawo analonjeza zambiri, misozi ili m'masaya.

Msonkhano woyamba utafika, wachiwiri uja anasesa kalasi nandandalika mipando yonse. Anabwera anayi. Iye anayang'ana kukhomo kanthawi, mtima ukuwawa, kenako anachita chizindikiro cha mtanda nayamba.

Ife a m'makomiti a parishi ino, amene timadziwa kuvomera ndi pakamwa, tidzifunse tokha. Ambuye alandire mtumiki wawo wotopayu, amupatse mpumulo m'kuwala kosatha.