Tsiku Limene Amonke Anagona ndi Njala

Nyumba ya agogo Khin ku Canning Vale, mumzinda wa Perth ku Australia, inkanunkhira lubani, nsomba zouma ndi kapeti wachinyezi. Inali nyengo yozizira, ija mvula imagwa chopingasa, masamba a bulugamu n'kumamatirira pa galasi la galimoto. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Sukulu inali itatsekera, bambo anali kumigodi, ndiye amayi posowa kondisiya ankanditenga kuntchito n'kukandikhazika pakona ndi makrayoni.

Agogo Khin anali mayi wa ku Burma amene amayi ankawasamalira. Sitiroko inawapha dzanja lamanja n'kuwamanga lilime, moti mawu awo ankatuluka amodziamodzi, movutikira. Pabalaza panali kashelefu ka maluwa, kafano ka Buda ndi chithunzi cha malemu amuna awo. Mwana wawo anali atawapezera kale malo kunyumba yosungira okalamba, ndipo ankayembekezera kusamuka kuzizira kukatha.

Miyezi imeneyo amonke, ansembe achibuda aja, amabindikira malo amodzi, ndipo anthu amalimbirana mwayi wowadyetsa. Agogo Khin anapatsidwa tsiku lawo loti adyetse amonke awiri m'dzina la amuna awo, komaliza m'nyumba yawoyawo. Amayi anandifotokozera malamulo ake tikutsuka mbale. Monke sapempha chakudya. Ngakhale chikhale pamphuno pake sachitenga yekha, mpaka wina amupatse ndi manja. Ndipo dzuwa likangofika paliwombo sadyanso kanthu kufikira m'mawa mwake. Poti dzanja la agogo linali lakufa, anagwirizana kuti amayi azinyamula mbale, iwo atagwira chigongono cha amayi ndi dzanja lamanzere. Ankayeserera ndi mbale yopanda kanthu, agogo akuseka ndi mbali imodzi ya pakamwa.

Tsoka ilo, galimoto yathu inafa sabata yomweyo n'kukagona ku galaja ku Malaga, dera lina la mumzindamo. Amayi anapempha Mayi Kachingwe kuti atiperekeze.

Mayi Kachingwe anali mkulu wa amayi a kumpingo kwathu. Ndinenedi poyera, sindinawakondepo, ndipo kukula sikunandisinthe maganizo. Akalowa m'nyumba mwanu, maso awo ankayamba ayendera makatani ndi pamwamba pa firiji, moni pambuyo. Ankavala zipewa zimene zinkagunda denga la galimoto, ndipo ankakamba za Mulungu ngati mnzawo amene anaphunzira naye ku sekondale. Komabe mlendo aliyense wofika ku Perth ankadutsira m'manja mwawo. Iwo ndi amene anatipezera nyumba yoyamba, ndipo sankalola kuti tiiwale.

Anabwera mochedwa, osapepesa. Panjira anakhotera kumsika kuti aone tomato, n'kumamutembenuza mmodzimmodzi ngati akusankha mkamwini. Ine ndinali kumbuyo nditafumbata mphika wa mpunga wotentha pamiyendo. Amayi ankangoti, "Palibe vuto, amayi," kwinaku akuyang'ana wotchi.

Tinapeza amonke atafika kale, amene anawabweretsa atawasiya kuti adzawatenge masana. Anali atakhala pa sofa, mitu yometa mpala, atafunda nsalu zofiira ngati dothi la katondo, aliyense ndi mbale yake yakuda yonga kamphika. Nthawi inali itapita koma inalipobe yokwanira. Amayi anathamangira kukhichini n'kuyamba kupakula nsomba ndi ndiwo zimene anaphika dzulo lake.

"Ndingolowa ndipereke moni," anatero Mayi Kachingwe, ngakhale panalibe amene anawaitana.

Anapita kwa monke wamkulu atatambasula dzanja, lina litagwira pamkono mwaulemu wonse. Amonke sakhudza munthu wamkazi. Mkuluyo anamwetulira, n'kuweramitsa mutu, manja ali pamiyendo. Dzanja la Mayi Kachingwe linatsala m'malere, zibangili zikulira. Anayang'ana kafano kaja, anayang'ana amayi amene ankabwera ndi mbale yoyamba.

"Amake Tadala, ikani kaye pansi. Chakudya ichi sichilowa m'kamwa mwa munthu tisanachiyeretse. Tiyeni tipemphere."

Anagwira dzanja la amayi, kwinaku langa, n'kutseka maso. Kwathu pemphero la munthu wamkulu salidula. Ukhoza kudula wina aliyense, ngakhale dokotala, koma osati mayi amene wati "Atate wathu" atakufinya zala. Anayambira kwa Adamu. Anawoloka nyanja ndi ana a Israeli, anaphwanya mwana wa ng'ombe wagolide, anapempherera mavisa a anthu onse a kumpingo, kenako anatembenukira ku mizimu ya m'nyumbamo n'kuyamba kuidzudzula m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe, kuti imve bwino. Malovu ankandigwera pamphumi.

Ndinatsegula diso limodzi. Agogo Khin ankamenya chogwirira cha njinga yawo ya olumala ndi dzanja lamoyo lija, pakamwa pakuyesa kuumba mawu. "Sista," anakwanitsa kunena, poti ndi mmene ankaitanira amayi. "Sista." Amayi maso anali chitsekere, koma misozi inkadontha pachibwano. Amonke ankangoyang'ana kapeti. Mpunga patebulo unasiya kufuka nthunzi. Ndiye wotchi yapakhoma inalira kuti 12 koloko yakwana, ndipo posakhalitsa Mayi Kachingwe anapeza ameni wawo.

Amayi anatola mbale n'kugwada, agogo akukakamira chigongono chawo mpaka zikhadabo kulowa. Monke wamkulu anavundikira mbale yake pang'onopang'ono. Ananena m'Chingerezi chofatsa kuti nthawi yadutsa, koma asadandaule, mtima wawo wauona. Awiriwo anaimbira agogo mawu a dalitso m'chilankhulo chawo, achidule kwambiri. Agogo sanalire. Anangochotsa dzanja pa chigongono cha amayi n'kutembenuzira nkhope kukhoma.

"Mwaonatu," anatinong'oneza Mayi Kachingwe mokweza, "mizimu yawo yachita manyazi." Kenako anafunsa ngati m'khichinimo muli makontena, poti si bwino kuti chakudya chabwino chotere chiwonongeke. Ananyamula nsomba zonse. Lamulungu lotsatira anaima kutsogolo n'kuchitira umboni kuti analowa m'nyumba ya mafano, ndipo atumiki ake anathawa osalawa kanthu. Anthu anawomba m'manja, ena kululutira. Manja a amayi sanachoke pa chikwama chawo.

Agogo Khin anapempha mabwana a kuntchito kwa amayi kuti masabata otsalawo awatumizire wowasamalira wina. Pamene nyengo yobindikira inkatha, anthu n'kumakonzekera mwambo wopereka nsalu zatsopano kwa amonke, iwo anali atasamuka kale. Sitinawaonenso.

Nthawi imeneyo mkwiyo wanga unali pa amonke. Ndinkati amuna akuluakulu angakane bwanji chakudya chimene amayi anga agwada nacho, chifukwa cha wotchi chabe? Kwathu mlendo wokana chakudya ndi wamwano, ndipo ndinkawaona choncho. Mayi Kachingwe ndinkangowatenga ngati munthu wosadziwa kufupikitsa pemphero, ngati mmene analili osadziwa kufupikitsa china chilichonse. Pano ndimaona kuti amonke aja anali omangika ngati amayi: iwo sakanapempha, amayi sakanadula. Ndinazinena zimenezi kwa amayi nditakula, tikusenda mbatata, n'kuwonjezera kuti mwina Mayi Kachingwe sankadziwa za lamulolo. Amayi sanadzutse mutu.

"Ankadziwa," anatero. "Ndinawauza pa foni powapempha galimoto. Anachita kundifunsa kawiri kuti nthawi yake ndi iti."