Batire limene atate anandisiyira

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu giredi sikisi, pamene ine ndi atate tinkakhala awiriwiri m'kanyumba ka zipinda ziwiri ku Kabwata. Amayi anali atapita kalekale. Anakwera basi pa siteshoni ya Intercity kukaoda katundu ku Joni ine ndili wamng'ono, ndipo sanabwerenso. Nkhani imeneyi sinkakambidwa panyumba. Atate anali munthu wa mawu ochepa, woti ukawafunsa ngati ndiwo zakoma ankangowonjezera zina m'mbale mwawo.

Ntchito yawo inkaseketsa anthu. Ku Lusaka kulibe nyanja, koma atate ankagwira ntchito ya maboti. Mabwana a ku Kabulonga ndi ku Woodlands anali ndi timaboti ta injini timene ankakoka ndi galimoto kupita ku Kafue kapena ku Siavonga kukawedza mongosangalala. M'timabotimo ankafuna kakanema koonetsa pamene pali nsomba pansi pa madzi, ndipo atate ndiwo ankakaika: kakanemako kutsogolo, kachipangizo komvera pansi kumbuyo kwa boti, fyuzi pa waya wofiira, ndi batire m'bokosi lomangidwa ndi lamba kuti lisamadumphe pamafunde. Mabatirewo anali a mtundu watsopano, a lithiyamu, opepuka moti ine ndinkatha kunyamula ndi dzanja limodzi. Atate ankawalemekeza ngati apongozi.

Batire lotere linali ndi chaja yakeyake, ndipo silinkasiyidwa lokha likamachajidwa. Choncho magetsi akabwera masana, atate ankaliika pasimenti pamthunzi, n'kukhala pambali pake pa kampando. Ine ndinkakhala pansi ndi homuweki yanga. Nthawi ndi nthawi ankaligusa ndi kuseri kwa dzanja kuti amve ngati latentha. Pakhonde pankamveka fungo la mtovu wosungunula ndi la tepi. Sitinkalankhula kwenikweni, koma imeneyo ndiyo inali nthawi yanga ndi atate, ndipo ndinkaikonda koopsa. Bana Mwila, mayi wachibemba wa nyumba yoyandikana nafe, ankati akamadutsa, “Ba Tembo, muli shani? Mukali kulonda mabatili monga ni odwala?” Atate ankangomwetulira.

Pamwamba pa batire panali kabatani, ndipo ukakadina pankayaka timagetsi tinayi tobiriwira ngati ladzaza. Batire lopita pamadzi atate ankalidzaza. Loti likhala nthawi yaitali osagwira ntchito ankalisiya theka, pa timagetsi tiwiri, chifukwa ankati likakhala lodzaza kwambiri limakalamba msanga, likatheratu limafa.

Loweruka lina ndinaona atate akuzula chaja pa timagetsi tiwiri, n'kumata tepi pamitu ya batire.

“Atate, simunalizaze,” ndinatero.

“Ili siliyenda pamanzi. Lizankala na iwe kwa ba anti ako ku Chelstone.”

Umu ndi mmene ndinadziwira kuti nyumba yathu ikutsekedwa. Malo ena ogona alendo ku Siavonga anali atawalemba ntchito yosamalira maboti, ndipo kumeneko kunalibe malo a mwana wa sukulu. Mawa lake anandiperekeza pa minibasi, chikwama changa pamiyendo pawo, batire pamiyendo panga. Pageti la ba anti anandiuza zinthu ziwiri zokha: ndisalole munthu kulichaja ndi chaja ya galimoto, komanso lisafike pozimiratu. Chaja yake anaiika m'chikwama chawo. Ndinadikira kuti anene tsiku lobwera, kapena angoti adzabwera. Anangondigwira paphewa, n'kupita.

Ku Chelstone kunali anthu ambiri. Ba anti, omwe ndi mlongo wawo wa atate, anali ndi amuna awo oyendetsa minibasi, amene tonse tinkawatcha ba ankolo, ndi ana anayi aphokoso. Sanandizunze, bodza n'loipa. Koma anawo anali ndi nthabwala zawo zimene anaziyamba ine kulibe, ndipo akamaseka ndinkaseka mochedwa. Ndinkagona pa matiresi pakona. Batire ndinaliika m'katoni pamodzi ndi nsapato zanga za kutchalitchi, ndipo m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkadina kabatani kaja. Tiwiri. Mtima unkakhala pansi.

Atate ankaimba foni ya ba anti mwa apo ndi apo, mawu akudukaduka. “Uli bwanji? Sukulu? Batili?” Basi. Ndinkapsa mtima, koma ndinkayankha kuti zonse zili bwino.

Dzuwa la Okutobala linadutsa, mvula inayamba, misewu inadzaza matope ofiira. M'mawa wina ndinadina, panayaka kamodzi. Ndinadinanso, kamodzi komweko. Tsiku limenelo aphunzitsi anandiitana dzina kangapo ndisanamve.

Loweruka lotsatira magetsi anazima masana, mpira uli pafupi kuyamba. Foni ya ba ankolo, imene ankamverapo mpira, inali itazima, ndipo mmodzi wa ana aja anaulula za katoni yanga.

“Esinati, leta batili ija,” anatero ba ankolo. “Tichajileko foni. Malaiti yakabwela nizaifaka pa chaja ya motoka, izazula bwino bwino.”

Ndinathamanga n'kukalikumbatira ndisanaganize n'komwe. “Atate anakana.”

“Iwe, ni batili chabe!”

“Anakana chaja ya motoka. Iononga.”

Ba anti anatuluka kukhitchini akupukuta manja. “Esinati, ukudya pano, ugona pano, manje batili ndiye ukana?”

Ndinangoti, “Atate anakana.”

Ba ankolo anaseka, osati mwankhanza, koma mwa munthu wotopa. “Atate ako ali kuti?”

Aa, funso limenelo! Ndinatuluka n'kukakhala kuseri pansi pa mtengo wa gwafa, batire pamiyendo, n'kulira mpaka mphuno kutupa. Kuyambira tsikulo ana aja anayamba kunditcha Bana Batili, kutanthauza mayi wa batire, ndipo dzinalo linafika mpaka kusukulu.

Kunena zoona, sindinkateteza batire lokha ayi. Ndinkaopa. M'mutu mwanga munali poti chaja ili ndi atate, ndiye batire likafuna moto ayenera kubwera. Munthu wina akalichaja, atate adzabwereranji? Amayi sanasiye kanthu kowabweza, ndipo ndinali nditaona mmene zinathera.

Masabata anapita. Kamagetsi kotsala kaja kanayamba kuphethira. Ndinasiya kudina tsiku lililonse poopa kuti kudinako ndiko kukulimaliza, koma osadina kunkandipwetekanso, moti ndinkangotsegula katoni n'kuliyang'ana. Foni ya atate inali isakupezeka. Ba anti ankati kumadzi kulibe netiweki. Ndinkavomera ndi mutu, koma mumtima ndinali nditayamba kudziphunzitsa kukhala mwana wopanda aliyense.

Tsiku lina ndikuchokera kusukulu, nsapato zili matope okhaokha, ndinaona munthu atakhala pakhonde la ba anti. Anali atada, ataonda, malaya akununkha petulo ndi nsomba za kapenta. Pambali pawo, pasimenti, panali batire langa, chaja italumikizidwa kale. Anali atalowa m'nyumba, kufunsa pamene lili, n'kulitulutsa ine ndisanafike.

Anakweza maso. “Wabwela? Walisunga bwino.”

Miyezi yonse ija ndinkaganiza kuti ndidzawathamangira. Koma chimene chinatuluka m'kamwa mwanga chinali china. “Mwabwelela batili! Simunabwelele ine!”

Ndinali ndisanawakwezerepo mawu chibadwire. Ba anti anakuwa ali pakhomo, “Iwe mwana!” koma atate anawakwezera dzanja kuti atisiye. Anaika kuseri kwa dzanja pa batire. Ine ndinaima chiimire, chikwama kumsana.

“Kuja maboti ni yambili,” anatero. “Mabatili yapelewela. Ili sembe ninalitenga.”

“Nanga munalisiyila chani?”

Anayang'ana pansi. “Amai ako pa Intercity anakuuza ati, nizabwela. Unali pamapewa panga, unamvela. Manje ine sembe ninakuuza mau yamene yaja, sembe unanikhulupilila?”

Aka kanali koyamba kuwamva akutchula amayi. Ndinaganiza ngati ndikanawakhulupirira akanandilonjeza, chifukwa atate sankafunsa funso lachibwana. Ndiye ndinapukusa mutu.

“Ndiye icho,” anatero.

Ndinavula chikwama n'kukhala pansi pambali pawo. Kamagetsi kaja kanasiya kuphethira, kenako kachiwiri kanayaka. Ndinapemphera chamumtima kuti alisiye lidzaze, chifukwa likadzaza ndiye kuti likupita kumadzi, mwina pamodzi ndi ine. Koma atate anawerama n'kuzula chaja pa timagetsi tiwiri. Anatulutsa tepi m'thumba. Ndinawagwirira batire pamene ankamata, misozi ikugwera pa yunifomu, ndipo iwo anaiona n'kupitiriza kumata. Lamlungu titatuluka m'tchalitchi anakwera basi.

Ndinakhala ku Chelstone mpaka kumaliza sekondale. Atate ankabwera, n'kupitanso, n'kubweranso, ndipo batire lija silinazimepo.

Lero ndine mayi, ndipo ndikamachoka ndimamuuza mwana wanga ndi pakamwa kumene ndikupita ndi tsiku lobwera, ndimamukumbatiranso mpaka adandaule. Ndimatero chifukwa ndikudziwa mmene zimapwetekera kuzisowa. Atate akanatha kundikumbatira pageti paja, ndipo mpaka pano ndimalakalaka akanatero. Koma ndamvetsa kuti iwonso anasiyidwa pa Intercity tsiku lomwe lija, mwana ali paphewa, ndipo mawu olonjeza anawathera pomwepo. Anandipatsa chimene anali nacho. Kusungulumwa kwa ku Chelstone sikunathe chifukwa cha zimenezi ayi, ndinkasekabe mochedwa, ndinkagonabe pakona. Chinasintha n'chakuti kuyambira masana aja sindinkadikiranso ngati mwana wotayidwa. Ndinkadikira munthu amene akubwera.