Sipeya ya bambo Nicolau

Aliyense amene anakwerapo chapa, minibasi ija yochokera ku Furancungo kupita ku Tete zaka za m'mbuyomu amawadziwa bambo Nicolau. Ndi aja aatali, a chipewa chachikopa, amene sankanyamuka pamsika asanagogode tayala lililonse ndi chitsulo. Okwera azidandaula kuti dzuwa lakwera, iwo ali phee, kuzungulira galimoto, kenako kugwada n'kusuzumira ngati sipeya ili ndi mpweya. Khalidwe limeneli analitenga ku Dedza, kumene anathawira nthawi ya nkhondo. Kumeneko anayamba ndi kukweza matumba a mbatata pa lole, mpaka anaphunzira kuyendetsa. Atabwerera kwawo mu 1993 anayendetsa zaka zoposa makumi awiri ndi zisanu, osagwetsapo galimoto m'ngalande ngakhale tsiku limodzi.

Matenda aja ofa ziwalo amati trombose anawapeza m'mawa wina akusamba. Dzanja lamanja linapindika, mwendo n'kuyamba kukoka. Makiyi anabweza kwa mwini galimoto. Miyezi isanu ndi umodzi anangokhala pakhonde kuyang'ana kumsewu. Chapa ikadutsa ankamva ndi khutu lokha kuti woyendetsa wachedwa kusintha giya, n'kupukusa mutu. Akazi awo, mayi Celina, akawaikira chakudya ankachipeza chauma.

Mwana wawo Inês, amene ndi namwino pabomapo, ndiye anapeza nzeru. Atapita nawo ku Tete kukaonana ndi dokotala, anawalowetsa m'kashopu ka zinthu zogwiritsidwa kale ntchito. Munali kompyuta yakuda, yophwanyika pakona, yokhala ndi chiwongolero chomangira patebulo ndi zopondapo zake pansi. M'kati mwake munali masewera oyendetsa malole akuluakulu m'maiko a azungu. Atayiyatsa, chiwongolero chinadzipotokola chokha kumanzere ndi kumanja ngati munthu wodziwongola podzuka. Bambo Nicolau anaseka, koyamba chidwalireni.

Koma potuluka anaima pakhomo.

"Nanga sipeya yake ili kuti?"

Wogulitsa anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Papá, iyi si galimoto!" Anawafotokozera kuti zonse zimene makinawo amadziwa zimakhala m'kabokosi kachitsulo kotchedwa disiko.

"Ndiye kameneko kakaphulika ndili panjira?"

Anakhala pampando, ndodo pakati pa miyendo, n'kunena kuti sachoka. Wogulitsayo anachita kukopera zonse mu disiko ina, n'kuwaonetsa pamene imalowa: timabawuti tinayi, zingwe ziwiri. Inês anali ndi manyazi, ndipo posakhalitsa anaiwala za nkhaniyo. Koma bambo ake anaikulunga disiko yachiwiriyo mu mpango wakale wa akazi awo, n'kuiika m'chitini cha masipanala pansi pa bedi.

Kuyambira pamenepo bamboyo anabwerera pantchito. M'mawa akamwa tiyi ankavala chipewa chija n'kukhala patebulo. Masiku oyamba apolisi a m'masewerawo ankawagwira pafupipafupi, chifukwa azungu ambiri amayenda kumanja ndipo iwo anakana kuti sangaphunzire zopusa atakula. Kenako anapeza chilumba china kumene amayenda kumanzere ngati anthu olongosoka, basi n'kukhazikika komweko. Mayi Celina akalowa ankafunsa, "Mwafika pati lero?" Iwo osatembenuka: "Ndikubwerera chakumbuyo padoko, musandiyankhulitse." Pa zaka zitatu anakhala ndi malole asanu ndi awiri m'masewerawo. Zala zija zinayamba kufunyululuka pang'ono, moti zinkatha kugwira kapu.

Mwamuna wa Inês, Quintino, ndi mphunzitsi wa kusekondale, ndipo amakhala m'nyumba ya kuseri pabwalo lomwelo. Ndi munthu waulemu, woti akamapereka moni kwa apongozi amapinda maondo. Koma anali ndi masewera a mpira atsopano amene ankafuna kumasewera ndi aphunzitsi anzake Loweruka, ndipo masewerawo ankakana kulowa mu kompyuta ija. Tsiku lina anakhala pa mpando waufupi n'kuyamba.

"Papá, sistema imene ikuyendetsa makinawa ndi yakalekale. Eni ake anaisiya, saikonzanso. Masewera atsopano onse akuikana. Ndiikemo yatsopano, é rápido, sizichedwa."

"Chiwongolero changa chidzayenda?"

"Chiyenera kuyenda. Chikakana, mabatani awa amayendetsanso lole."

Bambo Nicolau ananyamula dzanja lamanja ndi lamanzere n'kuliika patebulo. "Akamwini, taonani dzanja ili. Mabatani anuwo ndi ang'ono ngati nyemba. Ndikafuna limodzi ndimadina atatu. Mukachotsa chiwongolero mwandibwezera pakhonde."

"Koma yakaleyi imagwidwa mavairasi msanga, papá."

"Imayenda kuti kuti ikatenge matenda? Pa intaneti sinapondepo. Imagona pano, imadzuka pano, kuposa ena."

Mayi Celina anabisa pakamwa ndi nsalu. Quintino anaseka nawo, koma mumtima ankati mkuluyu akadzangoona kukongola kwa yatsopano adzathokoza yekha.

Lachinayi bambo Nicolau anakwera njinga yamoto ndi Inês kukayezetsa magazi. Pobwerera masana anapeza kompyuta ili yoyaka, galasi lake likuonetsa maluwa abuluu amene sanawaonepo. Quintino anali chogwada pansi pa tebulo, malaya atanyowa kumsana, foni ili pakhutu. Masewera a malole anali atawaikamonso, ankatseguka bwinobwino. Koma chiwongolero chinali zii. Anachizula, anachilumikizanso, anasintha bowo, chili zii. Mnzake wa ku Tete amene ankayankhula naye pafoni anamuuza mosabisa kuti chiwongolerocho ndi chakale kwambiri, sistema yatsopano sichidziwa.

"Bwezeranimo yakale ija," anatero bambo Nicolau.

"Ndinafufuta zonse, papá. Não dá, sizitheka." Quintino anayang'ana pansi. "Tidzafunafuna chiwongolero china, mwina ku Maputo, chaka chikamatha."

Inês anayamba kumukalipira mwamuna wake m'Chipwitikizi, mofulumira ngati mmene amakalipira odwala osamwa mankhwala. Bambo ake anakweza ndodo kuti aleke. Anavula jekete, n'kuipachika pampando.

"Mayi ake Inês, tanditengerani chitini chija pansi pa bedi."

Atamasula mpango uja, Inês anagwira kukamwa. Quintino anaitembenuza disikoyo uku ndi uku, nkhope yake n'kuwala. "Papá! Bweretsani, mphindi zisanu zokha ndaika."

"Pepani akamwini, inu mwagwira kale ntchito yanu lero. Pumani."

Anazula chingwe cha magetsi kukhoma. Mayi Celina anakhala pamkeka, n'kupana kompyutayo pakati pa maondo ngati mbuzi yofuna kuthiridwa mankhwala. Bamboyo anagwira sikuludiraiva ndi dzanja lamanzere. Inaterereka kawiri. Kabawuti koyamba kanagwa n'kugubuduka mpaka kukhomo, ndipo Quintino atati akatole anamva, "Kasiyeni, ndakaona." Ntchito ya mphindi zisanu inatenga ola lathunthu. Thukuta linkadontha kuchibwano. Pofika pa zingwe ziwiri zija, dzanja limodzi silinakwane. Anayang'ana lamanja kanthawi, kenako analilowetsa m'bokosimo, mpaka zala zinapana chingwe. Chinamveka kuti thwa.

Analumikizanso magetsi n'kuyatsa. Galasi linaonetsa zakale zija. Ndiyeno chiwongolero chinadzipotokola chokha, kumanzere, kumanja, n'kuima pakati.

Koma sipeyayo inali ya tsiku logula. Malole asanu ndi awiri aja kunalibe, chilumba chija anali asanachifike, masewerawo ankawatenga ngati wophunzira woti ayambe ndi lole yobwereka. Quintino ataona zimenezo anati, "Ndakulakwirani, papá. Zaka zitatu zonse."

"Ine ndinayamba ndi kukweza matumba. Yobwereka ndi yapamwamba kale."

Anatenga disiko imene anaichotsamo, ya sistema yatsopano ija, n'kuikulunga bwinobwino mu mpango, n'kumupatsa mkamwini ndi manja awiri.

"Sistema yanu iyi. Ndi yabwino ndithu, maluwa ake ndawaona. Muipezere galimoto yake." Anavala chipewa, n'kukokera mpando patebulo. "Ndipo Loweruka mpira kulibe. Mukwera chapa ndi makinawa kupita ku Tete, mukandipangitsire sipeya ina. Ndagwiritsa ntchito yomwe ndinali nayo."

"Sim, papá."

Bamboyo anaponda pansi, lole yobwereka n'kutuluka pageti, kulowera kumanzere kwa msewu. Apolisi a m'masewerawo anawagwira pakona yoyamba. Bamboyo sanasunthe kumanzereko.