Foni ya Akamwini

Fakitale imene amuna anga ankagwirako ntchito ku Blantyre itatsekedwa, tinalongedza katundu n'kubwerera kwathu ku Mbulumbuzi. Ndati kwathu, osati kwawo. Kuno mwamuna amakhala kwa mkazi, ndipo munda, nyumba, ngakhale mango amene wabzala yekha, zonse ndi za mbumba ya mkaziyo. Amuna anga anayamba ukamwini weniweni imvi zitayamba kale kutuluka, munthu wozolowera kuvala nsapato tsiku ndi tsiku.

Kulima ankalima, ndisawanamizire. Koma ankalima ngati munthu wa khasu lobwereka. Zaka zinapita, chimanga ndi nandolo, chimanga ndi nandolo, mpaka tsiku lina ndikusenda chinangwa pakhonde anandiuza kuti mnzawo wina akupita ku Joni mvula ikatha, ndipo iwonso apita naye.

"Mukukatani kumeneko, bambo?" ndinawafunsa.

"Chilichonse. Pano changa n'chiyani, mayi? Ngakhale nkhuku ikalowa m'nyumba ndimayamba ndafunsa ndisanaithamangitse."

Ndinaseka, koma nkhaniyo sinandisangalatse. Akazi a amuna a ku Joni ndinkawadziwa. Chaka choyamba amalandira bulangete, chachiwiri moni wapakamwa, chachitatu zii. Ine bulangete sindinkalifuna. Ndinkafuna mwamuna wanga pakhomo, ndi kung'ung'udza kwake komweko.

Nthawi imeneyo mafoni am'manja anali atangofika kumene. Wofuna kuimba kwathu ankakwera minibasi mpaka ku Limbe, kukaima pamzere pa byuro, kanyumba kamene umaimbiramo foni n'kulipira. Mphunzitsi wina wa kupulayimale anali ndi foni yakeyake, ndipo anatulukira kuti netiweki imagwira bwino pamwamba pa chulu cha m'munda mwanga, m'mphepete mwa msewu wa ku Zomba. Ndinkangomupeza ali pamwamba, dzanja kukhutu, akukuwa "Halo! Halo!" nandolo wanga atamupondaponda. Ndinamulalatira mpaka kutopa. Ndili mkati molalata chomwecho tsiku lina, nzeru inandibwerera: ngati netiweki yasankha chulu changa, byuro ya pa Mbulumbuzi ikhale pomwepo, woiyendetsa akhale amuna anga.

Nditawauza, maso awo anawala pang'ono. Koma foni tinalibe, eriyo tinalibe, batire tinalibe, ndipo ku kampani ya mafoni sitinkadziwa ngakhale mlonda wa pageti. Tinkafunika mnzathu wa bizinesi, ndipo kumupeza inali ntchito payokha. Ku ofesi ya kampani ankangowauza amuna anga kuti abwana ali ku msonkhano, mubwere mawa. Mkulu wina wa jekete lonyezimira anawalonjeza kumwamba ndi pansi, anadya tchipisi chathu, n'kusowa. Ine ndinkangoyang'ana mitambo, chifukwa mvula inali kupita kumapeto.

Potsiriza anapeza bambo wina wa ku Mpoto, mwini mabyuro angapo ku Limbe, amene ankafunafuna malo a m'mbali mwa msewu ndi munthu wokhulupirika woti agwire naye. Anabwera Loweruka pa kagalimoto kake, anakwera chulu ndi nsapato zopolisha, ndipo atayang'ana foni yake anaimba mluzu. Timizere tonse ta netiweki tinali titadzaza.

Kunyumba ndinamupatsa madzi nditagwada, monga timachitira ndi mlendo. Anamwa, anathokoza, osandifunsa kanthu. Anatembenukira kwa amuna anga.

"Ndiye malowa ndi anu, achimwene?"

Amuna anga anatsokomola, anandiyang'ana chakumbali, n'kunena kuti, "Eya, ndi a pakhomo pano."

Silinali bodza, komanso sichinali chilungamo chonse. Kwawo kwa bamboyo malo amatsata abambo, ndipo mwamuna akagwirana nawe chanza nkhani yatha. Anagwirana chanza. Kenako mlendoyo anatenga chikhomo m'galimoto n'kuchikhoma patsinde pa chulu, kuti amisiri akabwera adzadziwe pomanga. Ndinaona, ndinadziwa kuti tapalamula, koma ndinatseka pakamwa. Amuna anga anali akuseka mano onse kunja, zimene ndinali ndisanazione chibwerere kumudzi, ndipo ndinalibe mtima wowadula.

Mwini mbumba wathu anali amalume, mlongo wa amayi anga, kamunthu kakang'ono kokonza njinga pamsika, kokonda nthabwala. Akakwiya sankakweza mawu, ankangowonjeza ulemu. M'mawa mwake anafika akukankha njinga, chikhomo chija atachimangirira pa kaliyala.

"Zikomo pano," anatero, chipewa chili m'manja. "Ndatola kamtengo aka m'munda mwa achemwali anga. Ndati mwina n'ka akamwini, angamakafunefune."

Ndinayesa kufotokoza, koma anandikwezera dzanja. Anati byuro ayi, osati pamenepo. Mkamwini wokhoma chikhomo lero, mawa amagulitsa munda, ndipo iwo akadzamwalira sakufuna adzukulu adzawatukwane m'manda. Anatsanzika mwaulemu waukulu, mpaka kufunsa za chifuwa cha mwana wathu. Masana omwewo amuna anga anapita kwa mnzawo uja kukamuuza kuti asawasiye pa ulendo wa ku Joni.

Ndinakwiyira onse atatu: amalume chifukwa cha ulemu wawo wobaya, amuna anga chifukwa chothawa nkhani, mlendoyo chifukwa choyesa kuti dziko lonse ndi kwawo. Lolemba ndinamanga chitenje n'kukwera minibasi ya ku Limbe ndekha. Ndinam'peza bamboyo m'byuro yake, anthu ali pamzere, ndipo sindinadikire kuti mzere uthe.

"Abambo, kwanu mkazi amapita kwa mwamuna. Kwathu mwamuna ndi amene amabwera. Munagwirana chanza ndi mlendo mnzanu. Chulu chija n'changa, ndipo wochiyankhulira ndi amalume anga."

Anagwira mutu ndi manja onse. "Amama, bwanji simunanene?"

"Munandifunsa? Munangomwa madzi anga."

Anthu a pamzere anaseka, iyenso anaseka, koma kenako anati milandu ya malo saifuna, bola akayese ku Namadzi. Pamenepo mkwiyo wonse unandithera, ndinatsala ndi mantha okhaokha. Ndinamuuza zoona, kuti ndikataya byuroyi ndataya mwamuna. Ndinamupempha abwerenso kamodzi kokha, galimoto aisiye kumsewu, alowe m'mudzi wapansi, ayambe wapereka moni kwa amalume ndi amayi, ndipo za malo asatchule mpaka atafunsidwa. Ndinawonjeza kuti amuna anga asawachititse manyazi, popeza cholakwa chawo chinali kungofuna kuoneka ngati munthu. Ananena kuti abwera.

Anabweradi. Tinakhala pakhonde la amayi, ife akazi pamphasa, amalume pampando, amuna anga pa kachitsa chakumapeto, pamalo pa mkamwini. Amalume anamufunsa mlendoyo za ulendo, za mvula ya ku Mpoto, za ng'ombe za abambo ake, ngati kuti tsiku lonse ndi lathu. Bamboyo thukuta linali kamukamu, koma anapirira. Atapepesa za chikhomo, amalume anangoti, "Mlendo salakwa kawiri akauzidwa. Tatiyeni tione chinthu chanucho."

Anakatenga kugalimoto: foni yonga ya mu ofesi, eriyo, ndi batire ya galimoto. Amalume anaitembenuzatembenuza foniyo ngati akufufuza pamene chubu chaphulika.

"Ichi chimamera mizu?"

"Ayi, bambo, chimanyamulika."

"Mukachichotsa pano n'kupita nacho kwina, chimafa?"

"Ayi. Bola netiweki ikhalepo."

Amalume anaika foniyo pansi n'kuyamba kuyankhula pang'onopang'ono. Anati mwambo wathu suvuta, amauvutitsa ndi anthu othamanga. Chimene mkamwini wamanga kapena wabzala chimatsala ndi mbumba. Chimene chimanyamulika, njinga, wailesi, zipangizo za ntchito yake, n'chake, ndipo palibe wa mbumba angachikhudze. Choncho chulu chikhala cha mwana wa mlongo wawo, ndiye ineyo, ndipo kanyumba ndimange ine ndi abale anga. Koma pangano la foni likhale pakati pa mlendo ndi akamwini, mbumba isalowererepo ngakhale chala.

"Tsiku limene mudzatope nafe, akamwini," anatero, "mudzanyamule foni yanu, palibe adzakufunseni. Koma zokhoma zikhomo ayi."

Ine ndinkafuna chowamangirira amuna anga pakhomo, ndiye amalume akuwapatsa chinthu chonyamulika, n'kuwauzanso kuti njira ili apo! Ndinawayang'ana amalume moipa, iwo osandiona n'komwe. Amuna anga anawomba m'manja mothokoza, koma nkhope yawo sindinathe kuiwerenga. Za ku Joni sananene kuti asiya, ndipo ine ndinaopa kufunsa.

Masiku otsatirawo tinakhala ngati anthu obisirana matenda. Ine ndi achemwali anga tinaumba zidina, tinamanga kanyumba patsinde pa chulu. Amuna anga ankapita ku Limbe kukaphunzira kayendetsedwe ka byuro, n'kumabwera ndi nkhani za mayunitsi ndi kutchaja batire. Ndinkamvetsera mawu aliwonse kufuna kumva ngati munthuyu akukhala kapena akungodikira galimoto ya ku Joni. Sindinamve kanthu. Sindinaonepo mwamuna wodziwa kubisa mtima ngati ameneyo.

Mvula inatha. Tsiku lokweza eriyo anthu anayamba kusonkhana foni isanalumikizidwe n'komwe, amayi ofuna kuyankhula ndi ana awo a m'tauni, ogula nandolo ofuna kumva mitengo ya ku Limbe. Ine ndinali kuseri, ndikuzira khoma ndi dothi, pamene ndinamva mawu a mnzawo uja.

"Achimwene, galimoto ija yapezeka. Tinyamuka Lachinayi. Mwakonzeka?"

Ndinasiya kuzira. Amuna anga anali pamwamba pa chulu, akumangirira eriyo ku nsungwi yaitali, waya ali kukamwa. Anatenga nthawi kuti aulavule, ndipo ine ndinatsala pang'ono kukuwa kuti ayankhe msanga.

"Aaa, pitani bwino, achimwene," anatero. "Ine foni yanga ndisiyire ndani? Mukafika mudzaimbe, ndidzayankha ndine."

Mnzawoyo anayesa kuwanyengerera, koma iwo anali atayamba kale kulamula anthu kuti aime pamzere bwinobwino, asapondere nandolo wa akazi awo. Ndinakhala pansi m'matope momwemo, chitenje chonse dothi, n'kulira ngati mwana, kulira kwa mpumulo. Achemwali anga anathamangira kudzandifunsa ngati ndalumidwa ndi chinkhanira.

"Ayi," ndinatero, ndikupukuta misozi ndi dzanja lamatope. "Sakupita."