Mtima wa Mlongo Wawo pa Kagalasi

Pachipatala onse amangowatchula kuti a Lumo. Ntchito yawo ndi kupala tizidutswa ta mnofu toumitsidwa mu phula mpaka tipyapyale kuposa khoko la anyezi. Amatiyandamitsa pa madzi ofunda n'kutivuula ndi kagalasi, kuti adokotala aone pa makina okulitsa zinthu chimene chapha munthu. Mayi wolongolola ameneyu, abale! Koma akakhala pa makina opalira amangoti zii, poti mpweya wa m'kamwa umaulutsa kachidutswa.

Mlongo wawo atagwa pakhomo n'kutsirizika atangomwa tiyi, abale anamulumphira mkazi wake. Ati wathira poizoni, alongedze azipita, ana awasiye. A Lumo ndiwo anakakamira kuti thupi liyezedwe.

"Zoona iweyo ukang'ambitse m'bale wako?" anakalipa azakhali.

"Eya azakhali! Pakamwa pamanama, mnofu sunama."

Tsoka ilo, lamulo la m'chipinda chopaliramo n'lakuti za wachibale sukhudza. Amene anapala ndi mnzawo wa pantchito, iwo akuzungulirazungulira pakhonde ngati nkhuku yofuna kuikira.

"Lumolo ndi latsopano?" anakuwa pawindo. "Osathamangatu! Madziwo asatenthe!"

"Mayi inu tachokani apo, mundidulitsa chala!"

Zotsatira za magazi zitabwera, adokotala anawaitana. "Poizoni mulibe. Tasuzumirani apa."

A Lumo anaika diso pa makina aja. Haa! Mtsempha wa mtima unali utatsekeka ndi mafuta, m'mbali muli zipsera zotuwa zakalekale. Munthu uja ankayenda ndi nthendayi zaka ndi zaka, osauza munthu. A Lumo anadumpha, anaomba m'manja, anawagwira adokotala dzanja n'kuligwedeza mpaka magalasi kupendekeka. Kenaka anakumbukira kuti pa kagalasipo pali mlongo wawo, misozi n'kuyamba kutsika, koma miyendo inali itanyamuka kale.

Anathamanga msewu wonse, nsapato zili m'manja, njinga zikuwaimbira belu. Anapeza mlamu wawo atakhala pa chikwama kuseri kwa nyumba, kumene abale anamukankhira chichitikireni maliro.

"Alamu! Masulani katunduyo! Unali mtima, ndadzionera ndekha ndi maso angawa! Azakhali, tulukani mudzamve, ana sakupita kulikonse!"

Mlamuyo sanadzuke. Anawayang'ana, kenaka anafunsa chapansipansi.

"Ndiye tsopano andilola kumulira mwamuna wanga?"