Tintchentche ta Nthochi ndi Mwana Wanga Wamng'ono

Chaka chimene mkazi wanga anamwalira ndinkaphunzitsa sayansi pa sukulu ya mishoni kunja kwa Chipata. M'chipinda chosungira zipangizo ndinkaweta tintchentche tija timazungulira nthochi yakupsa, m'mabotolo a jamu otseka ndi thonje. Ana a sukulu ankatiyang'ana mtundu wa maso, kuti aphunzire mmene mwana amatengera makolo ake.

Mkazi wanga anali Mchewa wa ku Kasenengwa, ndipo anandisiyira ana aakazi awiri. Mwambo wa kumeta utatha, mlongo wake, malume wa anawo, anabwera kunyumba kwanga pa sukulupo.

"Alamu, ana awa ndi mbumba yanga, mukudziwa," anatero. "Inu takusudzulani. Mwamuna yekha angalere bwanji atsikana? Kapena muziwadyetsa nthochi ngati ziweto zanu zam'mabotolo zija?"

Ndinaseka pang'ono, pakuti sanali munthu woipa. Tinagwirizana kuti wamkulu akhale nane mpaka atamaliza sukulu, wamng'ono apite kumudzi kwa amayi ake aang'ono. Ndinapempha chinthu chimodzi: kuti Loweruka lililonse ndizikamutenga pa njinga, apemphere nafe Lamulungu, madzulo ndikamutule. Anavomera.

Ndinachita zimenezi mvula yonse, matope kapena ayi. Pakati pa sabata nyumba inali zii. Wamkulu ankangokhala pa mabuku, ndipo ine ndikaweruka ndinkatsalira m'chipinda cha mabotolo, ndikusintha nthochi zomwe zinali zisanawole n'komwe.

M'chipindamo ndi mmene ndinawerengera magazini ya sayansi imene mphunzitsi wina wa ku Ulaya anasiya pobwerera kwawo. Inkafotokoza zochitika m'mimba mwa kantchentche kakakazi, pamene mazira amayambira. Kumapeto kwa kathumba ka mazira kuli maselo ochepa amene satha. Selo lotere likagawika pawiri, limodzi limatsala pamalo pomwepo, linalo limasunthira kutsogolo kukayamba ulendo wokhala dzira. Koma awiriwo salekana nthawi yomweyo monga achitira maselo ambiri. Amakhalabe olumikizana ndi kamlatho kopyapyala kwa nthawi ndithu, kenaka kamlathoko kamaning'a mpaka kuduka.

M'mawa mwake ndinang'amba kantchentche kamodzi ndi singano, n'kukaika pa maikulosikopu yathu yakale. Ndinangoona timikanda toyera tondondozana, tating'ono kumapeto, tokulirapo kutsogolo. Kamlathoko sindinakaone. Galasi lathu linali lofooka, mwinanso maso anga. Ndinakhala pamenepo mpaka belu linalira. Sindinganene kuti Mulungu anandilankhula kudzera m'ntchentche. Iye sanazilengere ine.

Loweruka lotsatira nditafika kumudzi, amayi ake aang'ono a mwanayo anandiyalira mphasa pakhonde, chinthu chimene sankachita masiku ena chifukwa ndinkakhala wofulumira.

"Alamu, khalani kaye pansi, njingayo sithawa," anatero. "Mwana wanuyu zovala zake satulutsa m'chikwama. Ndikachapa, amapinda n'kubwezera momwemo."

"Ndi waukhondo ngati mayi ake," ndinayankha.

"Si ukhondo umenewo. Kuyambira Lachinayi amakhala pa chulu icho kuyang'ana msewu. Anzake amamutcha mlendo wa aphunzitsi. Loweruka atsikana onse amapita ku mtedza, iye kulibe. Lamulungu madzulo akafika nkhani zonse zamupita. Kwanu sakhala, kuno sakhala. Ndiye akhale wa kuti?"

Mayiyo ankamukonda mwanayo, ndipo sanali kunama. Kumutenga kuti abwerere kwa ine kukanakhala kuphwanya zimene tinapangana pamaso pa abale, pamene manda a mkazi wanga anali asanamere udzu. Chimene chinali m'manja mwanga chinali njinga yokha.

Tsiku limenelo ndinamutengabe. Tili m'njira, iye atakhala kumbuyo atagwira malaya anga, ndinamuuza kuti kuyambira tsopano ndizibwera pokhapokha sukulu ikatsekera.

"Ndalakwa chiyani, atate?"

"Palibe, mwanangu. Miyendo yanga yayamba kukalamba."

"Mukunama, pachitunda paja simunatsike."

Lamulungu anaimba nyimbo zonse m'tchalitchi, koma sanandiyang'ane.

Masabata otsatira ndinkadzuka Loweruka m'mawa n'kupeza kuti ndapopa kale matayala. Ndinkapita kukasesa m'tchalitchi, ngakhale kuti inali ntchito ya amayi a chigwirizano. Iwo ankangondisiya.

Sukulu itatsekera ndinapita ku Kasenengwa. Ndinamupeza pabwalo pakati pa atsikana anzake akuthothola mtedza, miyendo ili mbuu ndi fumbi, akuseka nkhani imene sindinaimve. Atandiona anadzuka, nadzagwada chapatali monga achitira ana a pamudzipo kwa munthu wamkulu.

"Mwayenda bwanji, atate?"

"Bwino, kaya iwe?"

"Bwino."

Anandibweretsera madzi akumwa m'chikho, nadikira kuti ndimalize. Kenaka mnzake wina anamuitana, ndipo anabwerera pa mulu wa mtedza.